Njinga ya ulendo wautali ndi imene ingakonzeke pamene yafera

Mvula ikamalowera kumapeto, cha m'Malichi kapena Epulo, anthu a m'mbali mwa msewu wa M1 ku Karonga akhala akuona gulu la alendo ovala zothina ndi zisoti likutsika kuchokera kuchipata cha Songwe pa njinga zakapalasa. Amenewa ndi a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003. Kwa zaka zambiri ankanyamukira ku Cairo n'kupalasa makilomita pafupifupi 12,000 mpaka ku Cape Town, miyezi inayi ali pachishalo. Kuno kwathu amapumula ku Chitimba, kulimbana ndi chikweza cha Chiweta, kudutsa Mzuzu ndi Kasungu, kufika ku Lilongwe, kenako n'kutulukira ku Mchinji. Ana amawathamangira, akuluakulu n'kumapukusa mitu. Chimene ambiri sachiwerengera ndi magalimoto amene amayenda nawo. M'menemo ndi mmene muli zikwama, chakudya, madzi, makaniko ndi zida zake. Sipoko ikaduka masana, pofika madzulo yalowa ina.

Munthu woyenda yekha alibe galimoto yomulondola. Makaniko wake ndi bambo aja okhala patsinde pa mtengo pamsika wa Jenda kapena pa Nkhamenya, amene chuma chawo ndi pampu, beseni la madzi, masipanala angapo ndi nyundo. Sitolo yake ndi kaokala kogulitsa machubu, masipoko ndi makotapini pamodzi ndi misomali ndi mankhwala a makoswe. N'chifukwa chake funso loyamba kwa wofuna kupalasa kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, kapena kutuluka kumene m'dziko muno, si lakuti njinga yabwino kwambiri ndi iti. Funso n'lakuti: ikandifera pa Jenda, ndikaipezera zipangizo pa Jenda pomwepo? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chitsulo chapamwamba chimene chikachokere ku Johannesburg pakatha milungu itatu sichikuthandizani dzuwa likamalowa.

Anthu amene anayendadi maulendo aakulu ankadziwa zimenezi. Dervla Murphy, mayi wa ku Ireland amene anapalasa kuchoka kwawo mpaka ku India mu 1963, asananyamuke anachotsetsa magiya pa njinga yake poopa kuti angamuthyokere kumene kulibe wowakonza. Mayi yemweyu anadzadutsa m'Malawi muno mu 1992, ali ndi zaka 60, pa ulendo wochokera ku Kenya kupita ku Zimbabwe umene anaulemba m'buku la The Ukimwi Road. Heinz Stücke wa ku Germany anachoka kwawo mu 1962 n'kuzungulira dziko kwa zaka zoposa 50, nthawi yambiri ali pa njinga yachitsulo yolemera, ya magiya atatu okha, imene inawotchereredwa kangapo konse m'mayiko osiyanasiyana. Palibe mwa awiriwa anayenda chifukwa njinga yake inali yodula.

Yambani ndi wilo

Wogula njinga amathamangira kuona utoto ndi kuwerenga magiya, koma chimene chimathetsa maulendo ambiri ndi wilo. Ndipo msampha woyamba uli pa nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala.

Njinga zakuda zija zimene tinakula nazo, za mtundu wa Humber, Raleigh, Phoenix ndi Hero, tayala lake ndi 28 x 1½. Mkombero wake, poyeza pamene tayala limakhazikika, ndi mamilimita 635. Njinga zambiri zochokera ku Ulaya nazonso zimatchedwa za mainchesi 28, kapena 700C, koma mkombero wake ndi mamilimita 622. Dzina ndi limodzi, misinkhu yosiyana. Tayala la 635 pa mkombero wa 622 limangogwedera, ndipo mukalipopa limavuka. La 622 pa mkombero wa 635 simungalilowetse ngakhale mutaitana anyamata anayi. Palinso 27 x 1¼ ya njinga zakale zothamangira, imene ndi 630. Munthu amene wagula njinga ya kaunjika asakhutire ndi mawu a wogulitsa. Ayang'ane manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-635 kapena 37-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndiye msinkhu weniweni.

Kwa woyenda m'misewu yathu, misinkhu yosavuta kupeza m'misika ndi iwiri: 635 ija, ndi 26 ya njinga za mauntenibaiki, imene ndi mamilimita 559. Ine ndimaikira kumbuyo 26. Wilo laling'ono limalimba kuposa lalikulu chifukwa masipoko ake ndi aafupi, tayala lake n'lonenepa bwino pa mchenga ndi pa miyala, ndiponso limalola magiya. Misinkhu yatsopano ya 27.5 ndi 29 njabwino kupalasa, palibe angatsutse, koma tayala lake likang'ambika muli ku Nthalire mudzakwera lole.

Vavu nayo ili m'mitundu itatu. Pali yakale ya Dunlop, ya kamphira kakang'ono kaja. Pali yonenepa ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto. Ndiye pali yowonda ya Presta. Pampu ya makaniko wa m'mudzi imadziwa yoyambayo, koma ziwiri zinazo si nthawi zonse. Nyamulani pampu yanu, ndipo muiyese pa machubu anu onse musanachoke pakhomo.

Tsopano masipoko. Wilo la ulendo likhale la masipoko 36, osati 32 kapena 28 a njinga za mpikisano. Komabe kuchuluka kokha sikukwanira. Sipoko siduka chifukwa chokungika kwambiri, monga ambiri amaganizira. Kawirikawiri imaduka chifukwa cholekerera. Wilo likamazungulira ndi katundu, sipoko imene yafika pansi imamasuka pang'ono, ikakwera n'kukungikanso. Ikakhala yolobodoka, kupindikapindika kumeneku kumachitika kambirimbiri pa kilomita iliyonse, mpaka chitsulo chimatopa n'kudukira pakhosi paja pamene chimalowa mu habu. Imodzi ikaduka, zinzake zoyandikana nazo zimasenza mtolo wake, wilo limayamba kuvina, ndipo mukaumirira ulendo zimatsatana. A kabaza ndi onyamula makala anaphunzira kalekale, n'chifukwa chake wilo lawo la kumbuyo amalimanga ndi masipoko onenepa, ena mpaka a njinga yamoto. Woyenda ulendo safunika kufika pamenepo, koma apereke wilo kwa mmisiri wodziwa kukunga, aliwongole, alikunge mofanana kuzungulira konse. Mukamenya masipoko ndi sipanala, a mbali imodzi azilira mofanana. Yolira mogonthera ndiyo idzayambe kuduka.

Pa njinga ya magiya, masipoko amene amaduka kwambiri ndi a wilo la kumbuyo, mbali ya tcheni. Tsoka lake n'lakuti kumeneko n'kumene simungalowetse sipoko yatsopano musanachotse mulu wa mano a magiya, ndipo kuuchotsa kumafuna kachitsulo kakekake. Kachitsuloko n'kakang'ono moti kakhoza kubisala m'chikhatho, koma makaniko wa njinga zakuda sakhala nako. Kanyamuleni, pamodzi ndi masipoko asanu kapena asanu ndi limodzi a msinkhu wa wilo lanu. Amangirireni ku felemu ndi mphira, muwaiwale mpaka tsiku lake.

Za tayala n'zachidule. Gulani lolimba koposa limene thumba lanu lingathe, ndipo latsopano likhale kumbuyo kumene kuli kulemera. Alendo a kunja amakonda Schwalbe Marathon chifukwa ali ndi mphira wokhuthala woletsa minga, ndipo amayenda mtunda wautali zedi. Ngati mwawapeza, musazengereze. Popani mokwanira, chifukwa tayala losakhuta likagunda mwala chubu chimatsinidwa ndi mkombero n'kubooka malo awiri oyandikana. Pomata, palani chubu, pakani guluu, kenako dikirani aume kaye kwa mphindi zingapo musanaike chigamba. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa cha changu. Ndipo musanabwezere chubu, yendetsani chala m'kati mwa tayala. Munga umene unaboola poyamba nthawi zambiri umakhala ukadali momwemo, kudikira.

Felemu, kaliyala ndi magiya

Felemu ikhale yachitsulo. Ya aluminiyamu njopepuka ndipo sichita dzimbiri, koma ikang'aluka wowotcherera mageti pamsika sangaithe. Yachitsulo aigwira, ngakhale kuti chilondacho chidzaoneka chonyansa, ndipo mudzafika. Kaliyala nayenso chimodzimodzi. Njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief linazipanga poganizira misewu ya kumudzi ya ku Africa, zili ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Kulimba kotero kuli ndi mtengo wake, poti njingayo payokha imalemera makilogalamu oposa 20. Pa chigwa palibe vuto. Pa Chiweta mudzaidziwa.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi Dervla Murphy pa nkhani ya magiya. Dziko lathu lili ndi mapiri oti munthu wa katundu sangawanyoze. Nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pamwamba pa mamita 1,200, ndipo wopita ku Chikangawa amakwerabe. Kuli Khwekhwerere pochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza, kuli chikweza cha Thabwa pochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kuli msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia ndi makona ake pafupifupi 20. Tiyeni tiwerenge pang'ono. Njinga yakuda ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo imayenda mamita pafupifupi asanu ndi theka mukapalasa kamodzi. Mauntenibaiki ya mano 22 kutsogolo ndi 32 kumbuyo imayenda mita imodzi ndi theka, mwinanso kuchepera. Wachiwiriyu akuoneka ngati akuseweretsa miyendo, koma akukwera atakhala, mawondo ake ali pamtendere, pamene woyambayo anatsika kalekale ndipo akukankha. Pa ulendo, giya yofunika ndi yopepukayo. Yothamangira simudzaisowa.

Amene alibe njinga ya magiya asataye mtima. Kungosintha fuliwilo ya mano 18 n'kuika ya 20 kapena 22, n'kuwonjezera mfundo za tcheni, kumapepukitsa njinga moonekeratu, ndipo ndi ndalama yochepa. Amene akusankha ya magiya asakopeke ndi kuchuluka. Mano 7 kapena 8 kumbuyo ndi okwana: tcheni chake n'chokhuthala, n'chosavuta kupeza, ndipo chimakhululuka ngakhale zinthu zitapindika pang'ono. Za 11 ndi 12 zimafuna tcheni chowonda, chodula, chosowa. Kuli ndithu habu ya Rohloff ya ku Germany, ya magiya 14 otsekeredwa m'kati, imene imangofuna kusintha oilo pakatha makilomita 5,000, ndipo eni ake amaitamanda. Koma mtengo wake ungagule njinga zakuda zingapo, ndipo m'kati mwake mukavuta, makaniko wa pamsika angoyang'ana.

Tcheni ndi fumbi

Mdani wa tcheni si dzimbiri, ndi fumbi losakanikirana ndi oilo. Ziwirizi zikakumana zimapanga phala lakuda limene limanola chitsulo usana wonse. Chizolowezi chothira oilo wakuda wochotsedwa mu injini chimangowonjezera mavuto, poti m'menemo muli kale tizitsulo. Mafuta ophikira nawo amachita ulimbo. Tsukani tcheni ndi palafini, chiume, donthezani oilo woyera pa mfundo iliyonse, zungulitsani, kenako pukutani kunja konse ndi kansalu. Oilo ntchito yake ili m'kati mwa mfundo; wa kunjayo amangoitana fumbi. Pa msewu wafumbi chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo mvula ikakuvumbwani chitani tsiku lomwelo.

Tcheni chikatha chimatalika, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake ndi theka la inchesi, choncho pa tcheni chatsopano, kuchokera pa pini yoyamba kufika pa ya 25 pali mainchesi 12 ndendende. Ikani lula. Ngati pini yomaliza yapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, gulani tcheni china. Ngati yapitirira ndi mamilimita atatu, mwachedwa: mano aja nawo adyeka, ndipo tcheni chatsopano chizidumphadumpha pa iwo mpaka mutasintha zonse. Dziwaninso kuti tcheni cha njinga yakuda n'chonenepa ndipo sichingayende pakati pa mano a njinga ya magiya, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Mu habu, pakati pa mapedulo ndi pakhosi pa foloko muli timipira tachitsulo toyenda mu girisi. Apa njinga zachikale zimapambana, chifukwa habu ya makoni imatseguka ndi masipanala awiri, ndipo timipira take timapezeka paliponse. Nthawi zambiri kumbuyo kumalowa 9 mbali iliyonse, tokulirapo, ndipo kutsogolo 10, tocheperako. Musanayambe ulendo tsegulani zonse, tsukani, ikani timipira tatsopano ndi girisi wambiri. Pomanga, wilo lizizungulira momasuka koma lisamagwedere mukalikankhira m'mbali. Mukawoloka mtsinje njinga itamira mpaka mu habu, bwerezani. Pa njinga ya kotapini, mukamva pedulo ikugogoda musamange nati mwamphamvu poganiza kuti ikoka piniyo, imangothetsa mazinga. Menyani piniyo ndi nyundo ilowe, ndiye mumange nati. Ndipo kwa amene sanachotsepo pedulo: ya kumanzere imamasuka mopotolera kumanja. Mapedulo ambiri aphedwa ndi anthu amphamvu osadziwa zimenezi.

Kutsika n'koopsa kuposa kukwera

Wokwera phiri amangotopa, koma wotsika akhoza kufa. Mabuleki a ndodo a njinga zakuda, ogwira pa mkombero wachitsulo, mvula ikagwa amakhala ngati palibe. Buleki ya pedulo, yopondera m'mbuyo, siopa mvula, koma pa mtsetse wautali imatentha mpaka girisi kusungunuka, ndiponso tcheni chikavuka ndiye kuti buleki yapita. Mabuleki a mphira ogwira pa mkombero wa aluminiyamu amagwira bwino, koma mukawafinya osalekeza kuchokera pamwamba pa Khwekhwerere, mkombero umatentha moti chubu chikhoza kuphulika. Njira yake ndi kugwira mwamphamvu, kusiya, kugwiranso, mawilo onse awiri, ndi kuima pakatikati kuti mukhudze mkombero. Ukawotcha chala, khalani pansi mudye nthochi. Mabuleki a disiki oyendera waya ndi abwino ngati mwanyamula zosinthira zake. Oyendera oilo asiyireni a m'tauni, chifukwa kapaipi kake kakabooka kuthengo palibe chochita.

Ambiri amaopa buleki ya kutsogolo poti imagwetsa. Zoona zake n'zakuti ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, chifukwa poima kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Chofunika ndi kuizolowera, osati kuimasula n'kuitaya monga achitira anyamata ena. Ndipo chidendene pa tayala si buleki.

Chishalo chisakhale chatsopano pa tsiku lonyamuka. Chofewa kwambiri chimanyenga: chimakoma ola loyamba, lachitatu chayamba kusupula. Zishalo zachikopa monga za Brooks zimatenga maonekedwe a mwini wake pakapita nthawi, koma zimadana ndi mvula, choncho muzizivundikira ndi jumbo. Msinkhu wa chishalo ukhale woti chidendene chikakhala pa pedulo ya pansi mwendo uwongoke. Chishalo chotsika n'chimene chimapweteketsa mawondo.

Zonyamula

Katundu akhale pansi, m'mbali mwa mawilo, osati mulu wautali pa kaliyala kapena chikwama kumsana. Gawo lina lipite kutsogolo kuti wilo la kumbuyo lipume. Alendo amabwera ndi zikwama za Ortlieb zosalowa madzi, koma zigubu ziwiri zapulasitiki zodula pakamwa, kapena zikwama wamba zokutira jumbo m'kati, zimagwira ntchito yomweyo. Zida zisachuluke: pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu, zotsegulira tayala, masipanala okwana manati a njinga yanuyo, makiyi a Allen ngati ikuwafuna, kiyi wa masipoko, chodulira tcheni ndi mfundo zingapo, waya wa buleki ndi wa giya, mphira za mabuleki, kabotolo ka oilo. Onjezani mabawuti angapo, chifukwa msewu wa mabampu umamasula a kaliyala mwakachetechete, ndi malamba a mphira odula ku chubu chakale, amene amamanga chilichonse. Kachidutswa ka tayala lakale, koika m'kati pamene tayala lang'ambika, kakhoza kukufikitsani kumsika wotsatira.

Chakudya musadzilemetse nacho. M'misewu yathu simuyenda mtunda wautali osapeza nthochi, mbatata, chinangwa, mtedza, zitumbuwa kapena tiyirumu. Madzi ndiwo ofunika malo: mabotolo okwana malita atatu kapena anayi, kudzaza pa mjigo uliwonse, ndi mankhwala monga WaterGuard a pamene mwakayika. M'chigwa cha Shire mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo thukuta limachotsa mchere m'thupi. Tengani mapaketi a Thanzi. Akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimathandiza. Neti yoteteza udzudzu isatsale, makamaka m'mbali mwa nyanja. Kumene kulibe resitihausi, pitani kwa amfumu dzuwa lisanalowe, mulonjere, mufotokoze za ulendo wanu, ndiye mupemphe malo. Kumanga tenti mobisala m'munda mwa eni n'kudziputira mlandu.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, kutentha kusanafike. Koma imeneyi ndi nthawinso ya mwera, umene umaomba kuchokera kummwera. Wopalasa m'mbali mwa nyanja kuchoka ku Salima kupita ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay umamukankha kumsana. Wochokera kumpoto amalimbana nawo maso ndi maso. Ngati muli ndi ufulu wosankha, yambirani kummwera. Nyamukani m'bandakucha, mupume dzuwa likafika paliwombo, ndipo mdima usakupezeni pamsewu. M1 ndi wopapatiza m'malo ambiri, m'mbali mwake phula linadyeka, ndipo malole sakhala ndi kopatukira. Kagalasi koonera m'mbuyo, chovala chowala, nyali ndi chisoti n'zotchipa poyerekeza ndi zimene zimateteza. Lole ikaliza hutala kumbuyo pamene kutsogolo kukubwera ina, tulukani mumsewu, musayambe kuwerenga malamulo.

Zonsezi muziyese muli pafupi ndi kwanu. Sabata imodzi musananyamuke, mangani katundu yense monga mmene adzakhalire, mupalase makilomita 50 okhala ndi chikweza ndi msewu wafumbi, ndiye pobwera muyang'ane bawuti imene yamasuka ndi sipoko imene yalobodoka. Kenako pitani kwa makaniko wa kwanuko, muwalipire ya tsiku, achotse wilo la kumbuyo, alowetse sipoko, adule ndi kulumikiza tcheni inu mukuona. Akamaliza, muwapemphe masipanalawo mubwereze nokha iwo akuyang'ana.